Mleme, Kalipentala Wolendewera pa Makabati

Ngati munalakwitsapo chinthu, ndipo mpaka lero manja amazizira mukachikumbukira, nkhaniyi ndi yanu. Ndikuchenjezeretu kuti si ya munthu amene mantha anamuthera.

Tsiku limene kabati inagwa, mtsikana wina anakhala pa benchi ya pachipatala, panja pa chipinda cha amayi oyembekezera, utuchi uli mbuu m'tsitsi. Nthawi imeneyo dzina loti Mleme linali lisanabwere. Anali chabe mwana wa kalipentala, wolephera mayeso a sekondale, amene anatola zipangizo za bambo ake matenda atawaumitsa dzanja lamanja.

M'chipindamo munali mayi wina wogulitsa mankhwala pa famasi, wapakati, wotopa ndithu. Mtsikanayu ndiye anamukonzera khitchini. Inali ntchito yake yoyamba yaikulu: makabati apansi, sinki yatsopano, ndi kabati yaitali yapamwamba ya zitseko zagalasi, yoti mlendo aziona mbale za paukwati asanapatsidwe n'komwe moni. Kabatiyo inakhala pakhoma masabata angapo, mbale zikungowonjezeredwa. M'mawa umenewo mayiyo anawerama kuti atenge poto, ndipo kabati yonse inachoka pakhoma ndi katundu wake. Inamumenya paphewa n'kumugwetsa chafufumimba.

Wantchito wa m'nyumbamo ndiye anamuimbira foni mtsikanayu. Mtsikanayu anathamangira kuchipatala osatseka n'komwe shedi yopaliramo matabwa.

Pa benchipo ankamvetsera chilichonse: mapazi, chitseko, kulira kwa khanda la munthu wina. Namwino aliyense akatuluka, iye ankagwira mpweya. Mwamuna wa mayiyo atatuluka, mtsikanayu anaimirira.

"Mtima wa mwana ukumveka," anatero bamboyo. "Awagoneka kuti aziwaona."

"Bambo, ndikonza zonse. Khoma, mbale…"

"Mbale?" Bamboyo anamuyang'ana kuchokera kuphazi mpaka kumutu. "Achemwali, pitani kwanu. Musadzapondenso pakhomo panga."

Sanakalipe. Akanakalipa, mwina zikanapepukako.

Ku shedi anapeza bambo ake ali pampando wawo wa masiku onse, dzanja lodwala lili pamwendo. Anawafotokozera zonse ataima.

"Unaboola mokwanira?" anafunsa mkuluyo.

"Ndinaboola, ababa."

"Zikhomo unakhomera?"

"Za mtengo wouma, monga mumachitira inu. Sikuluwu inaluma bwinobwino."

"Nanga yagwa bwanji? Makabati anga eni ake ena anamwalira, koma iwo adakali pakhoma."

Sankanama. Njira yawo inali yomwe anaphunzira ali mnyamata: kuboola khoma, kukhomera chikhomo cha mtengo m'bowomo, kenako kulowetsa sikuluwu m'chikhomocho. Mwana wawo anachita ndendende zimenezo. Apa ndi pamene mantha enieni anayambira. Munthu wodziwa chimene analakwitsa amakonza. Iye sankadziwa. Ndiye kuti chilichonse chimene anapachikapo pakhoma la munthu chikanatha kugwa tsiku lililonse, pamutu pa aliyense.

Sabata imeneyo anazungulira m'nyumba zonse zomwe anaikamo kashelefu, kupempha kuti akachotse. Ena anamuseka. Ena anali ataona kale chithunzi cha kabati yogwayo pa foni, moti anamutsegulira chitseko mwachangu n'kuima patali.

Chithunzicho chinayenda m'magulu onse a pa foni. Ndipo chinayenda pa nthawi yoipa, chifukwa masiku amenewo anthu anali atapenga ndi makhitchini. Kale khitchini inali malo obisa, mlendo akafika mumatseka chitseko. Tsopano anthu ankagwetsa khoma kuti khitchini ionekere pabalaza. Ankafuna tebulo lalikulu pakati, lomwe amati chilumba, ngakhale m'chipinda choti anthu awiri sangapatukirane. Ankafuna zitseko zopanda zogwirira, mwala wonyezimira pamwamba pa makabati, ndi mashelefu ooneka ngati akuyandama pakhoma popanda chowagwira. Chaka china zonse zoyera, chaka chotsatira zotuwa, kenako zobiriwira. Mabanja ankalolera kugona pa matiresi obooka, bola khitchini ituluke bwino pa chithunzi. Amisiri ankakana ntchito chifukwa chochuluka.

Foni ya mwana wa kalipentala inali zii. Ikati yalira, ankayamba wayiyang'ana kaye, mtima uli m'mwamba, poganiza kuti kwagwanso china.

Anayamba kupanga timipando ndi timatabwa todulirapo anyezi, n'kumagulitsa m'mbali mwa msewu. Sankapanga chilichonse chotalika kupitirira bondo. Kunyumba anatsitsa shelefu ya m'chipinda chake, zovala n'kumaziika m'katoni. Akalowa m'sitolo ankayenda pakati penipeni, maso ali m'mwamba. Munthu akagwetsa supuni pafupi, thupi lonse linkachita tsembwe.

Patapita miyezi, wantchito uja anadutsa pamsewupo. Mtsikanayu anafuna kubisala koma panalibe pobisala.

"Anabereka," anatero wantchitoyo asanafunsidwe. "Mwana wamkazi. Ali bwino, kulira kwake mpaka aneba akudandaula."

Mtsikanayu anangogwedeza mutu. Wantchitoyo atapita, anakhala pansi pakati pa timipando take n'kulira, wogula wina akudikira.

Yankho linamupeza pamsewu pomwepo. Tsidya lina ankamanga nyumba, ndipo tsiku lina buloko la simenti linagwa pa lole n'kusweka pafupi ndi mapazi ake. Anadumpha ngati waponda moto. Mtima utakhala pansi, analiyang'ana. Mabuloko ankawaona tsiku ndi tsiku, koma anali asanaganizepo za m'kati mwake. M'katimo munali mphako zikuluzikulu. Simenti inali kakhungu chabe, kochindikala ngati chala.

Anakumbukira mmene choboolera chinagwera m'kati mosavuta m'khitchini ya mayi wa ku famasi uja, iye n'kusekerera kuti khomali ndi lofewa, ntchito itha msanga.

Ananyamula chidutswacho mpaka ku shedi n'kuchiika pamwendo pa bambo ake. Mkuluyo anapisa chala m'mphakomo. Kenako anayang'ana mwana wake.

"Nyumba ija ndi ya zimenezi?"

"Pulasitala anabisa, ababa. Ine ndinkayesa njerwa."

"Pa njerwa yootcha chikhomo chimagwira ngati dzino," anatero mkuluyo motsitsa mawu. "Apa chinagwira mphepo." Anatembenuza bulokolo ndi dzanja lamanzere. "Ndinakuphunzitsa makoma amene anthu anasiya kumanga, mwana wanga."

"Ndiye ndisiye?"

"Usiye chiyani? Timipando tomweti? Phunzira khoma. Kabati ukuidziwa kale."

Anayamba kupempha mabuloko osweka kwa omanga aja, n'kumawakankha pa wilibala. Kuseri kwa shedi anamanga kakhoma kake, mbali ina ka mabuloko, mbali ina ka njerwa. Sikanali kowongoka, koma sikanali koti munthu agonemo. Pamenepo anapachika kabati yakale n'kuyamba kuyesa. Anayesa kuthira konkire m'mphako n'kudikira iume asanaboole. Anayesa kukhoma thabwa lolimba mopingasa kuti kabati ikhalirepo. Anayesa mabawuti aatali obooleza khoma lonse, okhala ndi chitsulo chafulati mbali inayo. Akamaliza ankadzaza kabatiyo ndi matumba a mchenga n'kuthawira patali.

Nthawi zina inkagwa. Nthawi zina inkagwira. Koma ngakhale igwire, mtima wake sunkakhazikika. Mchenga ukagwa suvulala, ndipo iye ankadziwa kuti pansi pa kabati sipaima mchenga.

Tsiku lina, matumba ali momwemo, anayandikira. Anagwira m'mphepete mwa kabatiyo ndi manja onse. Anatseka maso n'kukweza miyendo.

Inagwa naye. Chipsera chili pachibwano mpaka lero.

Anasintha mabawuti, bala litauma anabwereza. Ulendo uno analendewera, miyendo ili m'malere, akumvetsera ngati khoma lingalire. Silinalire. Amene analankhula ndi mayi woluka tsitsi wa nyumba yoyandikana, amene ankasuzumira pa mpanda.

"Anthuni, bwerani mudzaone. Kwa akalipentala kwagwa mleme masana."

"Ndikuyesa kabati, asisi."

"Yesani, a Mleme. Ife timayesa mwayamba kubereka ngati papaya."

Dzinalo linakakamira kuposa zikhomo zija.

Pakati pa ogula timatabwa panali mayi wina wophika makeke ogulitsa. Tsiku lina anabwera ndi foni m'manja, n'kumuonetsa chithunzi cha khitchini yobiriwira ya mashelefu oyandama.

"Ndikufuna chonchi," anatero.

Mleme anachotsa maso pa chithunzicho. "Ine ndimapanga zapansi zokha, mayi."

"Zapansi ndili nazo. Ndikufuna zam'mwamba."

"Mayi, mwina simukudziwa. Kabati ija inagwera munthu wapakati, ndinapachika ndine."

"Ndikudziwa. Chithunzicho ndinatumizira anthu ambiri ine."

"Nanga bwanji mwabwera kwa ine?"

"Amisiri onse akuti ndidikire mpaka mvula. Komanso wondiluka tsitsi akuti mumalendewera. Amene ndawafunsa palibe wolendewera."

Mleme anavomera, kenako anadandaula kuti wavomereranji. M'mawa wa tsiku loyamba anafika pa geti ya mayiyo n'kubwerera mpaka pa mphambano. Anaima pamenepo, thumba la zipangizo likumulemera, kenako anatembenukanso.

Asanayeze chilichonse anayamba wagogoda khoma lonse ndi chala, khutu ataligunditsa pa pulasitala. Anaboola kabowo kakang'ono n'kulowetsamo waya. Wayayo analowa mpaka kuzimirira. Mabuloko.

Anamuuza mayiyo mosabisa kuti mashelefu oyandama ndi a makapu ndi timabotolo, osati makina osakanizira ufa. Zolemera zikhale pansi. Anamuuzanso kuti mwala wonyezimira ukhoza kudikira chaka china, koma mabawuti ndi zitsulo zikhale zabwino lero lomwe.

"Koma mabawuti saoneka pa chithunzi," anadandaula mayiyo.

"Amaoneka, mayi. Kabati ikagwa amaoneka."

Ntchito itatha, mayiyo anayamba kutulutsa mbale m'makatoni. Mleme anamuletsa. Anavula nsapato, anapukuta thukuta la m'manja pa ovololo, anagwira kabati yoyamba n'kukweza miyendo. Mtima unkagunda mpaka m'makutu. Anatsika, n'kupita pa ina, mpaka onse anatha. Mayi wa makeke anali atatulutsa kale foni, akujambula kanema.

Kanemayo anayenda m'magulu omwe aja munayenda chithunzi. Anthu amene anatumizirana kugwa kwake anatumizirananso kulendewera kwake, ndi changu chofanana. Foni inayamba kulira. M'nyumba zina eni ake ankaitana abale kudzaonerera, ndipo akaona akulongedza zipangizo ankati, "Amisiri, simunalendewere, ntchito sinathe." Shedi inakula. Bambo ake ankakhala pakhomo n'kumauza aliyense kuti mwanayo anaphunzira kwa iwo, zimene zinali zoona mbali imodzi.

Mwina mukuganiza kuti mantha anathera pamenepo. Ayi. Foni ikalira m'mawa, ankayambabe wayiyang'ana.

Ndipo m'mawa wina inalira, n'kuoneka nambala imene sanaifufute. Anaisiya kuti idule. Inaliranso.

"Ndine uja wa ku famasi," anatero mawu a mzimayi. "Mungabwere?"

Sanafunse chifukwa. Njira yonse ankaganiza za mwana: mwina pali chimene madokotala sanachione nthawi ija, mwina chatulukira tsopano. Pofika pa geti, malaya anali atanyowa kumsana.

Anatsegula ndi bambo uja. Anayang'anana.

"Ndinati musadzapondenso pano," anatero bamboyo. "Mayi akuti ndibweze mawu. Lowani."

Khitchini inali monga anaisiyira, kupatula khoma lapamwamba. Mabowo aja analipobe, pulasitala atanyotsoka m'mbali mwake. Pakhoma panalibe kanthu, ngakhale kalendala. Mbale zinali m'mabeseni pansi, mapoto atasanjikizana pakona. Pakati pa zonsezo kamwana kakakazi kankayenda dzandidzandi, supuni ili m'manja.

Mleme anakayang'ana kamwanako mpaka maso anachita chidima.

"Mwana ali bwino," anatero mayiyo. "Vuto ndine. Chigwere kabati ija sindilola chilichonse pamwamba pa mutu wanga. Ku famasi mankhwala a pa shelefu yapamwamba amanditengera ndi anzanga. Tsopano uyu wayamba kuyenda, akuswa mbale tsiku lililonse. Dzulo wadzicheka chala. Zinthuzi ziyenera kukwera m'mwamba."

"Amisiri alipo ambiri, mayi."

"Abwera. Aliyense amayang'ana khoma n'kunena kuti, 'Musadandaule, madamu.' Inunso munanena chimodzimodzi." Mayiyo anamuyang'ana m'maso. "Ndikufuna munthu amene akudandaula. Mukuopa?"

"Kwambiri."

"Chabwino. Muyambe liti?"

Sanagwirepo ntchito pang'onopang'ono ngati imeneyo. Anasema pulasitala kuti mayiyo aone mphako ndi maso ake, n'kumuonetsa pamene zikhomo zija zinagwira mphepo. Anathira konkire n'kuisiya iume, ngakhale bamboyo ankadutsa akuyang'ana wotchi. Kuseri kwa khomalo kunali kakhonde kopita kuchipinda, ndipo mabawuti anabooleza mpaka kumeneko, chilichonse ndi chitsulo chake. Pomanga bawuti yomaliza, sipanala inamupulumuka m'manja n'kugwera pa matailosi. Onse awiri, iye ndi mayiyo, anadzidzimuka n'kugwirana mikono. Kenako anasiyana mwamanyazi.

"Zitsulo za kukhondezi ndizikwirira ndi pulasitala, zisaoneke," anatero Mleme.

"Zisiyeni. Ndikufuna ndizizigwira ndikamapita kogona."

"Masiku ano anthu amabisa zonse, mayi. Ngakhale zogwirira."

"Anthuwo sizinawagwere."

Tsiku lomaliza Mleme anavula nsapato. Anagwira kabati, pa khoma lomwe lija, pamalo omwe aja. Manja anali oterera. Anawapukuta, n'kugwiranso. Anakweza miyendo. M'khitchinimo munati zii, moti ankamva firiji ikung'ung'udza. Anakhala m'malere mpaka mapewa anawotcha.

Atatsika, bamboyo anakhosomola.

"Inu ndinu wopepuka, achemwali. Patukani."

Anali munthu wathupi, wa mimba ya kuofesi. Anavula jekete, anagwira, n'kudzikoka. Analendewera nkhope itafiira, batani la malaya n'kuthothoka kukagwera m'sinki. Khoma silinayankhe.

"Tsikani, bambo ake mwana," anatero mayiyo. "Kabati yapambana, inu ndi amene mukusweka."

Anasanja mbale pamodzi, mayiyo akupatsira, Mleme akuika. Mayiyo sanaime pansi pa kabatiyo. Ankatambasula mkono ali chapatali. Atamaliza anakhala pa tebulo, mbali ina ya chipinda, tiyi ali patsogolo. Palibe amene ankamwa. Onse maso anali pakhoma.

Kamwana kaja kanalowa. Kanadutsa pamene panali mabeseni, kanadabwa kuti zoseweretsa zake zapita kuti, kenako kanaona mbale kuseri kwa galasi m'mwamba. Kanayenda molunjika mpaka pansi penipeni pa kabatiyo, n'kuima, kadzanja katakwezedwa.

Azimayi awiriwo anadzambatuka limodzi. Mpando wa Mleme unagwa chagada.

Mayiyo anali ataponya kale phazi kutsogolo. Anaima. Anayang'ana mwana, anayang'ana kabati, anayang'ana chipsera cha pachibwano pa Mleme.  Kenako pang'onopang'ono anabwerera n'kukhala pansi.

"Musiyeni," anatero. "Khalani, tiyi akuzizira."

Mleme anadzutsa mpando wake. Anakhala pansi, anatenga kapu n'kumwa.

Lero amakonza makhitchini a anthu amene amasintha mtundu wa zitseko nthawi iliyonse mafashoni akatembenuka. Amawapangira zimene akufuna, zoyera, zotuwa, zobiriwira. Koma amayamba wagogoda khoma, ndipo sachoka asanalendewere. Mukamufunsa ngati amaopabe, amaseka pang'ono n'kukuonetsani manja ake onyowa.

Inu amene chinthu chinakugwerani m'manja anthu akuona, mwina mwakhala mukupanga timipando, kudikira tsiku limene mantha adzathe. Tsikulo mwina silibwera. Bwererani mukaone chimene chinali kuseri kwa pulasitala. Mangani kakhoma kanu kuseri kwa nyumba, mugwe nako pamene palibe wina wovulala, mpaka kagwire. Mantha muwatenge, akakuthandizeni kumanga mabawuti. Mtima wokhawo ndiwo musautaye, ngakhale ukugunda chotani.